Wa ku famasi si wa golosale

Pali mawu amene ndatopa nawo: "Inu ntchito yanu n'kugulitsa basi, tipatseni makapisozi tizipita." Amene akunena zimenezi alibe kabuku ka kuchipatala, sanapimidwe, wangomva kwa mlamu wake kuti amoxicillin amathetsa chimfine. Ukamukaniza amakwiya ngati wamumana shuga pa okala.

Lamulo limene limakukwiyitsanilo, loti mankhwala ena asagulitsidwe popanda chikalata cha dokotala, silinagwe kumwamba. Ku America, amene analikhazikitsa ndi anthu awiri a ntchito yathuyi ya ku famasi omwe analowa ndale. Hubert Humphrey anaphunzira za mankhwala ku Denver, nalandira laisensi mu 1933, ndipo anagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala ya bambo ake ku Huron, South Dakota. Kenako anakhala meya wa Minneapolis, senata, mpaka wachiwiri kwa pulezidenti Lyndon Johnson kuyambira 1965 mpaka 1969. Mnzake Carl Durham, phungu wa ku North Carolina, nayenso anachokera kuseri kwa kauntala ku Chapel Hill. Mu 1951 awiriwa anapititsa lamulo lotchedwa Durham-Humphrey Amendment, limene linagawa mankhwala pawiri: ena munthu agule yekha, ena asatuluke popanda chikalata cha dokotala. Lisanabwere, nthawi zambiri kampani yopanga ndiyo inkasankha, moti mankhwala amodzimodzi ankatha kufuna chikalata kwa kampani iyi koma osafuna kwa inayo. Anthu awiriwa ankadziwa chisokonezocho chifukwa anachionera pafupi. Kuno kwathu kugawa kotereku kuliponso, ndipo amene amayang'anira ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority.

Koma amene sachoka m'mutu mwanga ndi mayi Dora Akunyili a ku Nigeria. Anaphunzira za mankhwala ku yunivesite ya ku Nsukka. Mu 1988 m'bale wawo wamkazi, wodwala shuga, anamwalira atabayidwa insulini yachinyengo. Taganizirani zimenezo bwinobwino. Wodwalayo sananyozere chithandizo, jakisoni ankabaya monga anauzidwira, koma m'botolomo munalibe chomuthandiza. Achibale akamaona munthu akufooka pamene mankhwala akulandira, amayamba kuganiza zina, ndipo nthawi imene akanathamangira kuchipatala imatha akudikira kuti mwina mawa asintha.

Mu 2001 pulezidenti Olusegun Obasanjo anawaika kukhala mkulu wa NAFDAC, bungwe loyang'anira zakudya ndi mankhwala. Ankalanda mankhwala achinyengo n'kuwatentha poyera, anatseketsa misika ikuluikulu ya mankhwala monga wa ku Onitsha, ndipo anaphunzitsa anthu wamba kuyang'ana nambala ya NAFDAC pa paketi asanagule. Amalonda sanasekerere. Mu December 2003 anawathira zipolopolo ali m'galimoto. Chimodzi chinaboola duku lawo n'kuwapala pamutu. Mu 2008 anasankhidwa kukhala nduna yofalitsa nkhani, ndipo mu 2010, pulezidenti Umaru Yar'Adua akudwala kunja, iwo analimba mtima kuuza nduna zinzawo kuti Goodluck Jonathan, wachiwiri kwa pulezidentiyo, atenge kaye udindo. Mayi Akunyili anapikisana pa mpando wa senata mu 2011 koma sanapambane. Anamwalira mu 2014. Kunena zoona, ine ndimaona kuti undunawo unawachotsa pamalo pamene ankafunika kwambiri. Oyankhulira boma sasowa. Munthu wodziwa kuti paketi iyi ndi yabodza, n'kukana chiphuphu pamwamba pake, ndiye wosowa.

Tsono anthu amene anafuna kuwapha aja musaganize kuti ali ku Nigeria kokha. Ang'onoang'ono awo mumakumana nawo m'basi ndi pamsika, atayala mapiritsi padzuwa, opanda paketi, opanda tsiku lothera mphamvu. Amakugulitsani makapisozi anayi chifukwa ndalama yanu yathera pamenepo. Mwamwa anayiwo, mwapezako bwino, mwasiya. Tizilombo tolimba tatsala, ndipo tsiku limene mwana wanu adzadwale chibayo chenicheni, mankhwala omwewo akhoza kukanika. Ena amagulitsa LA wolembedwa kuti ndi wa boma. Ameneyo wabedwa kuchipatala kumene mayi wina wabwezedwa chimanjamanja. Ndipo kutentha thupi kulikonse si malungo. Kuyezetsa magazi kumatenga mphindi zochepa chabe, koma anthu amamwa LA masiku atatu, osasintha, n'kugulanso wina, kenako n'kufika kuchipatala atanyamulidwa, pamene vuto linali lina kuyambira pachiyambi.

Za insulini ndinenepo mwapadera. Imafuna pozizira. Ikakhala pakutentha kapena ikaundana m'firiji imafooka, ngakhale ili yeniyeni. Amene akukugulitsani kuchokera m'chikwama sangakuuzeni kumene botololo lagona sabata yathayi. Chimodzimodzi awa olengeza kuti ali ndi ufa wochiza shuga ndi BP kotheratu, n'kumauza anthu kuti asiye mankhwala a kuchipatala. Matenda amenewa amawongoleredwa tsiku ndi tsiku. Wosiya mankhwala a BP nthawi zambiri samva kanthu mpaka tsiku la sitiroko.

Mukalowa m'famasi, yang'anani pakhoma ngati pali chiphaso, ndipo funsani ngati katswiri wa mankhwala alipo. Akakufunsani kuti akumwa ndani, ali ndi zaka zingati, ndi woyembekezera kapena ayi, akumwanso chiyani china, yankhani zonse. Ngati mankhwalawo ndi a mwana, bwerani ndi kabuku kake, chifukwa mlingo timawerengera pa sikelo yake.