Ayi, sukulu ya zaumulungu siichotsa Mzimu mwa mlaliki

Pamagulu a WhatsApp a mipingo ndi a amayi kuno ku Mangochi, kuyambira kuboma mpaka ku Namwera ndi Monkey Bay, pali uthenga wina umene sukutha. Umati mbusa wodutsa ku koleji ya zaumulungu amalalikira za m'mutu mwake basi, Mzimu mulibe, ndipo mlaliki weniweni safuna maphunziro. Amautsirira ndi 2 Akorinto 3:6, poti chilembo chimapha koma Mzimu umapatsa moyo.

Werengani mpaka vesi 7. Paulo akunena za malamulo a Mose olembedwa pamiyala, akuwayerekeza ndi pangano latsopano. Nkhani ya kusukulu mulibe m'menemo. Paulo yemweyo adaphunzira kwa Gamaliyeli, mphunzitsi wa malamulo (Machitidwe 22:3). Pa Nehemiya 8:8, Alevi ankawerenga malamulo n'kumatanthauzira kuti anthu amve, ndipo kulalikira n'komweko. Ngakhale Buku Lopatulika la 1922 limene mlaliki wanyamula lidamasuliridwa ndi anthu ophunzira.

Inde, alipo ophunzira amene ulaliki wawo umagonetsa tulo, sitikukana. Koma vuto limenelo ndi la munthuyo, osati la maphunzirowo.

Uthenga wotere ukakufikani, tsegulani Baibulo monga ankachitira a ku Bereya pofufuza ngati zimene Paulo ankalalikira zinali zoona (Machitidwe 17:11), muwerenge chaputala chonse osati vesi imodzi. Funsani abusa anu kapena akulu ampingo. Ngati uthengawo sukutchula amene waulemba, koma ukungokukakamizani kuti muutumize kwa anthu ena, chonde usiyireni pomwepo.