Nyama ya ng'ombe yofewa: kogula ndi zofunsa kuno ku Thyolo ndi Mulanje

Mayi ena a ku Goliati anandipeza pabutchala Lolemba m'mawa ndikunola mipeni. Ndi moni womwe sanapereke. Loweruka lake anagula makilo 2 a siteki poti kunyumba kwawo kumabwera akuchimuna kudzakamba za chinkhoswe cha mwana wawo. Anaiwotcha pamakala nkuikira alendo, koma anthu anatafuna mpaka nsagwada kulema, ena nkungoisiya m'mbale mwaulemu. "Bambo, mwandichititsa manyazi pamaso pa alendo," anatero misozi ili m'maso.

Nyama ija inalibe matenda. Inali yoyezedwa, ya ng'ombe yozingidwa mamawa a tsiku lomwelo. Koma ndinawadulira ya paphewa, ndipo sindinawafunse kuti akaiphika bwanji. Cholakwacho chinali changa. Kuyambira pamenepo aliyense wofika pasikelo yanga ndimayamba ndamufunsa: ya msuzi, yokazinga kapena yowotcha?

Chimene chimasokoneza anthu ambiri ndi mawu akuti siteki. M'mabutchala athu a pa Thyolo boma, Bvumbwe, Luchenza, Chitakale mpaka Limbuli, mitengo imakhala iwiri basi: yamafupa ndi siteki. Siteki kwa ife ndi mnofu uliwonse wopanda fupa, kaya wachokera pakhosi, paphewa kapena pantchafu. Koma siteki imene mumadya kuhotela, yoti mpeni ungodutsa, imachokera mbali imodzi yokha ya ng'ombe, kumsana. Mnofu umene umagwira ntchito kwambiri ng'ombe ikamayenda kapena kuweramira msipu umakhala ndi mitsempha yambiri, ndiye umalimba. Khosi, phewa, chifuwa ndi miyendo zili m'gulu limeneli. Za kumsana sizinyamula katundu. Kunsi kwa fupa la msana, cha kumene kuli impso, kuli minofu iwiri yaitali yosongoka mbali imodzi ngati nsomba, imene timaitcha fillet. Palibe nyama yofewa kuposa imeneyo, koma pang'ombe yathu yachikuda yonse iwiri mwina singakwane ndi makilo 3 omwe. Pamwamba pa fupa lomwelo pali sirloin, kumapeto cha kuchiuno kuli rump. T-bone ndi fupa la msana lochekedwa pamakina, mbali ina kuli sirloin, mbali ina kachidutswa ka fillet. Mukafuna yowotcha kapena yokazinga mphindi zochepa, tchulani mayina amenewa, kapena ingonenani kuti "mundidulire ya kumsana." Wabutchala wodziwa ntchito amva.

Nanga ng'ombezo zimachokera kuti? Kuno malo ndi ochepa. Tiyi anatenga mapiri, anthu tinadzaza potsalapo, ndipo munthu woweta ng'ombe zambiri zanyama sapezekapezeka. Zambiri zimene timapha zimakwera kuchokera kuchigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi Nsanje, madera a Ngabu ndi Bangula. Ndi ng'ombe zachikuda zalinunda, zodya msipu, nyama yake yokoma fungo koma yosachedwa kulimba ng'ombe ikakalamba. Zina ndi za konkuno. Alimi a mkaka a ku Bvumbwe ndi madera ena a Thyolo amagulitsa ng'ombe yaikazi ikasiya kubereka kapena mkaka ukachepa, ndipo imeneyo imakhala itatha zaka zambiri. Msuzi wake ndi wabwino zedi, koma pamakala ikukhumudwitsani. Alimi omwewo amakhalanso ndi ana a ng'ombe aamuna amene amawafula nkuwanenepetsa m'khola ndi madeya, nsenjere ndi masangwe. Kwa ine, ng'ombe yofula ya zaka 2 kapena 3 yodyetsedwa motere ndiyo nyama yabwino kuposa zonse imene mungapeze m'maboma awiriwa osapita kutauni.

Msinkhu wa ng'ombe subisika ngati mutu ulipo. Mano akutsogolo ali kunsi kokha, ndipo alipo 8. Awiri akuluakulu oyamba amamera ng'ombe ikamayandikira zaka 2, ndipo ikamakwana zaka 4 kapena 5 onse 8 amakhala atasintha. Mano operepeseka ndi otalikirana ndi a nkhalamba. Ngati mutu wagulidwa kale, yang'anani mafuta ndi fupa. Ng'ombe yaing'ono fupa lake likachekedwa limaoneka lofiirira, kunsonga kwa nthiti kuli chichereche choyera chofewa. Yokalamba fupa limayera nkuuma gwa. Mafuta achikasu pang'ono asakuopseni, ndi msipu umenewo, ndipo ng'ombe zamkaka zamtundu wa Jersey zimatero mwachibadwa. Koma chikasu chikafalikira mpaka m'mitsempha ndi m'timinofu toyera ta pamfundo, ng'ombeyo inadwala, isiyeni.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Kuyambira Epulo mpaka Julayi ng'ombe zakuchigwa zimakhala zitakhuta msipu wa dzinja ndi mapesi a m'minda. Pofika Okutobala ndi Novembala dzuwa limakhala litapsereza zonse, nthiti zikuwerengeka. Ndipo matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka ku Chikwawa kapena Nsanje, boma limatseka misika ya ziweto nkuletsa kutulutsa ng'ombe ndi nyama. Masiku amenewo nyama imasowa, mtengo umakwera, ndipo ndi pamene anthu oyenda usiku amachuluka.

Apa ndiye pamene ndikufuna mundimvetse bwino, chifukwa kufewa ndi nkhani ya mkamwa chabe koma iyi ndi ya moyo. Ng'ombe yogulitsa kwa anthu imayenera kuphedwera pamalo ovomerezeka, a zaziweto ataiona ili yamoyo, nkudzaiyezanso itasendedwa. Woyeza amacheka masaya, lilime ndi mtima kufuna timatuza toyera tonga njere za mpunga. Timeneto ndi ana a njoka zam'mimba, ndipo munthu akadya nyama yotere yosapsa bwino, njokayo imakulira m'matumbo mwake. Amatumbula chiwindi kufuna tizilombo taphwatalala ngati tsamba, timene ng'ombe zimatenga podya m'madambo mokhala nkhono. Amayang'ana mapapo ndi anabere kufuna zizindikiro za chifuwa chachikulu, chimene ng'ombe imatha kupatsira munthu. Chiwalo chopezeka ndi vuto amachilanda, nthawi zina ng'ombe yonse. Yodutsa bwino amaidinda chidindo cha inki pantchafu, paphewa ndi panthiti. Muli ndi ufulu wonena kuti "ndione chidindo." Wabutchala woona mtima sakwiya nalo funso limeneli, amatembenuza mwendo wa ng'ombe nkukuonetsani.

Nyama yobwera m'beseni pakabaza madzulo, yotchipa ndi theka, ilibe chidindo. Kawirikawiri ndi ng'ombe yakuba, kapena yodzifera, kapena imene mwini wake anaibaya jakisoni kwa masiku angapo nkuona kuti sichira. Mankhwala aja amakhala akadali m'thupi. Yodzifera magazi satuluka, ndiye mnofu umada, timitsempha timadzaza magazi, ndipo imanunkha msanga. Matenda ena monga anthrax amapha ng'ombe mwadzidzidzi, ndipo amagwira ngakhale munthu wongosenda chikopa. Ndaonapo mudzi wathunthu ukutsegula m'mimba chifukwa cha nyama ya ngongole yoteroyo. Nkhuli isakufikitseni pamenepo.

Tsopano za nthawi, zimene zinawapwetekanso mayi a ku Goliati aja. Ambirife timakhulupirira kuti nyama yabwino ndi ya lero, yotentha, ikadali kunjenjemera. Pa msuzi nzoona, ndipo pamsika wopanda furiji palibenso njira ina yotetezeka. Koma ng'ombe ikangophedwa, pakapita maola angapo minofu yonse imakungika, ndipo pofika tsiku lathunthu imakhala italimbiratu. Kenako imayamba kumasuka yokha pang'onopang'ono. Nchifukwa chake malo okhala ndi chipinda chozizira amapachika nyama pa madigiri 0 mpaka 4 kwa masiku 7 mpaka 14 asanadule siteki. Si kuola kumeneko. Kuzizira kumaletsa tizilombo kuswana pamene mnofu ukufewa. Ng'ombe yomweyo, sirloin yomweyo, ya tsiku loyamba ndi ya tsiku la 10 mungakane kuti nzapathupi limodzi.

Ndiye mukagule kuti? Zimatengera mphika wanu. Ngati ndi ndiwo za nsima, pitani pabutchala ya pamsika wanu m'mawa, nyama itangofika kuchokera kophera, ntchentche ndi fumbi zisanaigwire. Sankhani pamene nyama yapachikidwa m'kati mwa sefa kapena galasi, pali madzi, chipika chapalidwa, ndipo wolandira ndalama si yemweyo wogwira mnofu ngati nkotheka. Yang'anani sikelo isanaikidwe kanthu ngati ili pa 0. Masikelo a malonda amayezedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, ndipo simulakwa kufunsa.

Ngati ndi siteki yowotcha, pali njira ziwiri. Yoyamba, pezani wabutchala mmodzi amene ali ndi furiji yaikulu, mudziwane naye, ndipo muzimuuza kudakali masiku. Fillet ndi rump zimatha ng'ombe isanafike pambedza, eni malo ogona alendo a ku Likhubula ndi Mulanje boma ndi ophika m'nyumba za kumaesiteti amakhala ataitanitsa kale. Mukanena Lachiwiri kuti mukufuna ya Loweruka, akusungirani yathunthu yosaduladula, ndipo masiku amenewo ikhala ikufewa. Yachiwiri ndi masupamaketi ndi mabutchala akuluakulu a ku Limbe ndi Blantyre, amene amagula ng'ombe zonenepetsedwa m'makola ndipo ali ndi zipinda zozizira. Mtengo ndi wokwera, koma mumagula chiwalo chotchulidwa dzina. Kumeneko werengani tsiku lolembedwa papaketi. Paketi yodzaza madzi ofiira, kapena yokhala ndi madzi oundana m'kati, ingatanthauze kuti nyamayo inasungunukapo nkuumitsidwanso, zimene sizisowa magetsi akamathimathima. Ndipo kumbukirani ulendo. Kuchoka ku Limbe pa minibasi yoima paliponse msewu wa Midima kapena wodzera ku Thyolo, nyama ili m'jumbo pamiyendo mwezi wa Okutobala, muonongeratu zomwe mwalipira. Igulani pomaliza, ikani m'chikwama chozizira kapena ikulungeni pamodzi ndi botolo la madzi oundana.

Pali njira inanso ya kwathu, yosonkha ndalama m'magulu chaka chonse nkugula ng'ombe yogawana pa Khirisimasi. Ndimaikonda chifukwa mumaiona ng'ombeyo ikuyenda. Chonde itanani a zaziweto adzaiyeze, ndipo ikafika musaiphe nthawi yomweyo. Ng'ombe yotopa ndi ulendo, yomenyedwa, yothamangitsidwa ndi anyamata mudzi wonse, nyama yake imada bii, imauma pamwamba, imamata m'manja ndipo sichedwa kuonongeka. Ipumule usiku umodzi pamthunzi, imwe madzi.

Maso ndi mphuno zimalize ntchito. Mnofu wongodulidwa kumene umaoneka wofiira moderako, ndipo ukakhala pamphepo mphindi 20 kapena 30 umawala nkukhala wofiira bwino. Mukaudina ndi chala ubwerere. Usaterere, usakhale ndi mbali zobiriwira, ndipo fungo lowawasa lisamveke pafupi ndi fupa, chifukwa kuola kumayambira pamenepo. Timizere toyera ta mafuta m'kati mwa mnofu ndi chuma, ndito timasunga madzi siteki ikakhala pamoto. Pemphaninso kuti yowotcha aidule ndi mpeni, yochindikala ngati zala ziwiri, mopingasa ulusi wa nyama. Nkhwangwa ndi chikwanje nza yamafupa, ndipo zimasiya tizidutswa ta fupa timene tathyola mano a anthu ambiri. Nyama yogaya musagule yogayiratu yomwe simukudziwa kuti yakhala nthawi yaitali bwanji. Lozani mnofu, augaye mukuona, mukaphike tsiku lomwelo mpaka kufiira konse kuthe.

Mukapezeka kuti mwagula yolimba, musataye mtima, mankhwala ake ali pakhomo. Agogo athu ankakulunga nyama m'masamba a papaya, ndipo ankadziwa chimene ankachita: utomoni wa papaya umadula mitsempha ya nyama. Chinanazi chathu cha ku Mulanje chimachitanso chimodzimodzi. Finyani chachiwisi, pakani, dikirani mphindi 30, pukutani. Mukapitirira ola limodzi pamwamba pake pamasanduka phala. Cham'chitini sichigwira, moto wa kufakitale unapha kale mphamvu yake. Amene muli ndi furiji komanso magetsi okhazikika mutha kusunga chidutswa chathunthu pashelefu ya m'munsi masiku 2 kapena 3, osati moumitsira, nkudzadula tsiku lophika.

Chimene chimandiwawa nchakuti anthu amathira ndalama zambiri pa siteki kuti akaibwatitse ndi tomato maola awiri. Pamenepo mwaluza kawiri, chifukwa fillet ikabwata nthawi yaitali imauma ngati thonje. Mphika wa nsima umafuna nyama ya ntchito ija: khosi, chifuwa, nthiti, mchira, mwendo wa fupa la mafuta m'kati. Mitsempha yomwe imakana mano pamakala ndiyo imasungunuka pamoto wapang'onopang'ono nkupanga msuzi wokhathamira womata milomo, monga mumaonera pa mang'ina. Linunda ndiye musalilole kukudutsani. Ng'ombe zachizungu zilibe, ndi lathu lachikuda. Ligulani lathunthu, thirani mchere ndi adyo, ikani mumphika wovundikira ndi madzi pang'ono, makala akhale ochepa, ndipo mulisiye maola 3 kapena 4 osalifulumiza. Likapsa lidikireni lizizireko, kenako mulidule mopyapyala.