Tinangolowana, pano tasiyana: katundu ndi wa ndani?

Mabanja ambiri a m'tauni amayamba chonchi: lero mkazi wabwera ndi chikwama, mawa ndowa ndi mapoto, chaka chisanathe anthu ayamba kumutchula kuti mayi a kunyumba. Ankhoswe kulibe, kutchalitchi sanapiteko. Chikondi chikatha, mkangano umagwera pa firiji, puloti ndi malata.

Kodi lamulo limatiwerenga ngati banja?

Likhoza kutero, koma si nthawi zonse. Malamulo aakulu a dziko la Malawi a 1994, mu gawo 22, amavomereza ukwati wa anthu amene akhalira limodzi nthawi yaitali ndipo amadziwika kuti ndi banja. Lamulo la maukwati, kusudzulana ndi za m'banja la 2015 linafotokoza bwino njira yake: ndi khoti lokha limene lingagamule kuti panali ukwati wotere, ndipo ubalewo uyenera kukhala kuti unakhalapo kwa zaka zosachepera zisanu. Mfumu kapena abusa akhoza kuchitira umboni, koma chigamulo si chawo.

Zaka zisanu zikakwana, ndiye kuti basi zatheka?

Ayi. Khoti limafunanso kumva mmene munkakhalira. Munkagona nyumba imodzi, kapena bamboyo ankangobwera Loweruka n'kunyamuka Lolemba? Ndalama munkasonkherana? Muli ndi ana, ndipo munkawalera limodzi? Nanga anthu ankakuonani bwanji? Apa umboni wa zinthu zooneka zazing'ono umagwira ntchito: landilodi amene ankalandira lendi kwa "a Phiri ndi akazi awo", anzanu a kumpingo, ngakhale maliro a kwawo kwa mwamuna kumene inu munatsekera khomo n'kukakhala pa moto masiku atatu ngati mtengwa. Wachibwenzi wamba sachita zimenezo.

Khoti likavomereza kuti linali banja, limagawa pakati ndi pakati?

Lamulo silinena theka, limanena kugawa mwachilungamo. Oweruza amayang'ana zimene aliyense amapeza, zosowa zake, msinkhu ndi thanzi lake, komanso zimene anathandizapo kuti katunduyo apezeke. Chokoma m'lamulo la 2015 n'chakuti ntchito za pakhomo nazo zimawerengedwa. Mayi amene ankaphika, kuchapa, kulera ana ndi kutungira amisiri madzi pomanga nyumba sangauzidwe kuti sanaikepo kanthu chifukwa choti simenti anagula ndi bambo. Kunena zoona, mawu akuti "unabwera chimanjamanja, upite chimanjamanja" amamveka mwamphamvu pakhonde, koma m'khoti sapita patali.

Nanga ife amene tinangokhala zaka ziwiri kapena zitatu?

Apa ndiye povuta. Pamaso pa lamulo simunali banja, choncho aliyense amatenga chimene angaonetse kuti n'chake kapena kuti anasonkhapo. Malisiti, mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba, buku la banki m'khonde losonyeza ngongole imene munatenga kuti mugule mabuloko, mboni zimene zinalipo pogula puloti: zonsezi zimalankhula kuposa misozi. Ndalama zimene munkangopatsana pamanja kuchipinda zimavuta kuzitsata, ndipo mnzanuyo akhoza kungoti inali mphatso.

Nyumba tinamanga pa malo a makolo ake. Ndiyambire pati?

Malowo ndi a eni ake, ndipo nyumba sinyamulidwa pamutu. Chimene mungamenyere ndi mtengo wa zimene munaikapo, osati malowo. Amuna a chikamwini nkhaniyi amaidziwa kuyambira kale. Musathamangire kukasasula malata usiku. Ambiri atero n'kutsekeredwa, mlandu wa katundu n'kusanduka wa kuba kapena kuwononga.

Ana nawo amadikira zaka zisanuzo?

Ayi. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limakakamiza makolo onse awiri kusamalira mwana, kaya anakwatirana kaya ayi. Chithandizo cha mwana ndi nkhani ina, katundu ndi nkhani inanso.

Wanditayira zovala panja n'kusintha loko. Ndipite kuti?

Yambirani ku polisi, ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limatetezanso anthu ongokhalira limodzi, ndipo khoti likhoza kulamula kuti mubwerere m'nyumbamo kapena kuti wankhanzayo asakuyandikireni. Za kagawidwe ka katundu kafunseni ku khoti la majisitireti. Ngati mulibe ndalama za loya, pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza osowa pa milandu. Musanapite, lembani papepala katundu yense, chaka chimene munagula ndi amene analipira, ndipo jambulani pafoni chilichonse chimene chikadali m'nyumbamo, chifukwa sofa imatha kusamukira kwa achemwali ake tsiku la mlandu lisanafike.