Mapapo satsukidwa ndi chakumwa

Mphepo ya mwera ikayamba kuwomba kuchokera kunyanja m'mwezi wa Juni, benchi ya odikira pachipatala chimene ndimagwirako ntchito kuno ku Nkhotakota imadzaza ndi anthu otsokomola, ndipo funso limene ndimalandira kawirikawiri limakhala lofanana: "Adokotala, ndimwe chiyani kuti nditsuke m'chifuwamu?" Ena amakhala atayesa kale jinja ndi mandimu, ena adyo wosinja, ena anagula botolo la mankhwala azitsamba kwa wamalonda amene anawatsimikizira kuti likachotsa litsiro lonse la m'mapapo. Yankho langa silikondweretsa ambiri. Chimene munthu wamwa chimatsikira m'mimba kudzera njira ina, pomwe mpweya umalowa m'mapapo kudzera njira yakeyake, choncho palibe chakumwa chimene chingakayende m'mapapo n'kukawatsuka monga momwe madzi amatsukira mtsuko.

Mapapo amadzitsuka okha. Njira za mpweya zinakutidwa ndi madzi onanda amene amakola fumbi, utsi ndi tizilombo, ndipo pansi pa madziwo pali tiubweya ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso timene timagwedezeka usana ndi usiku, kukankhira zonyansazo kummero kuti tizimeze kapena tizilavule ngati makhololo. Kumapeto kwa njirazo kuli timatumba ta mpweya mamiliyoni mazanamazana, ndipo khungu lake ndi lopyapyala kwambiri kuti mpweya wabwino uthe kudutsa n'kulowa m'magazi. Munthu wamkulu akangokhala amapuma maulendo 12 mpaka 20 pa mphindi imodzi, kutanthauza kuti pa tsiku amakoka mpweya maulendo pafupifupi 20,000, ndipo ulendo uliwonse chimene chili mumpweyawo chimalowa. Utsi umafooketsa tiubweya tija, ndipo timatumba tikang'ambika sitimeranso. Pachifukwa chimenechi, njira yachilengedwe yosamalira mapapo imene ili ndi phindu lenileni ndi kuchepetsa zimene timawapatsa kuti atsuke, ndipo kwathu kuno nkhani imeneyi imayambira kukhitchini.

Mukalowa m'khitchini ya pamudzi, yang'anani kudenga. Udzu ndi nsungwi zimakhala zitada bii, mwaye ukulendewera ngati ndevu, ndipo mukakhudza phaso chala chimatuluka chonata. Mwaye umenewo unakwera ndi utsi womwewo umene amayi amakoka akagwada pa mafuwa n'kumauzira moto, maso akulengeza misozi, mwana ali kumsana mutu wake uli chapafupi ndi phewa lawo. Amayi ena amabwera kuchipatala ali ndi zaka za m'ma 50, akubanika akangokwera kachitunda kakang'ono, ndipo ndikawafunsa za fodya amaseka kuti sanagwirepo ndudu chibadwire. Amanena zoona, koma akhala akupuma utsi wa nkhuni maola angapo tsiku lililonse kuyambira ali atsikana. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2020 utsi wa m'nyumba unachititsa imfa za anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse, kudzera m'matenda monga chibayo, matenda a mtima, sitiroko, khansa ya m'mapapo ndi kutsekeka kwa njira za mpweya.

Sindingauze banja la ku Benga kapena ku Mwansambo kuti lisiye nkhuni, chifukwa magetsi ndi gasi sizili pafupi ndi thumba la ambiri. Zimene ndimawauza ndi zotheka lero lomwe. Nkhuni zaziwisi zimafuka kwambiri kuposa zouma, ndiye ndi bwino kuziwaza ndi kuzisanja pamalo osanyowa mvula isanayambe. Nyengo ikalola, kuphikira panja kapena pa chisakasa chopanda makoma kumachepetsa utsi umene wophika amakoka, ndipo khitchini yomangidwa ikhale ndi mawindo awiri oyang'anizana komanso mpata pakati pa khoma ndi denga, popeza utsi umakwera m'mwamba ndipo umafuna potulukira. Nyemba zikaviikidwa m'madzi usiku wonse zimapsa msanga, mphika wovindikira umawira msanga, ndipo nthawi yokhala pamoto imachepa. Mwana wakhanda asiyidwe ndi munthu wina pabwalo pamene nsima ikuphikidwa. Chizolowezi chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi choyatsira moto majumbo, zidutswa za matayala kapena patapata wakutha: moto umayaka msanga ndithu, koma utsi wa pulasitiki uli ndi poizoni amene mulibe mu nkhuni.

Mbaula za chitetezo, zoumbidwa ndi dongo, zimadya nkhuni zochepa ndipo zimanyamulika kupita nazo panja, choncho ndimazilimbikitsa. Komabe ndiyenera kunena chilungamo pa malire ake. Kafukufuku wamkulu amene anachitika m'midzi ya ku Chikwawa ndi ku Karonga, pa ana oposa 10,000 osakwana zaka 5, anapereka kwa mabanja mbaula zamakono zokhala ndi chokupizira moto, zimene zimafuka pang'ono kuposanso zadongo. Zotsatira zake zitasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet kumayambiriro kwa 2017, zinaonetsa kuti chibayo mwa anawo sichinachepe, ngakhale kuti ana opsa ndi moto anachepa. Phunziro limene ndinatolapo ndi lakuti mwana sapuma utsi wa pa mbaula ya amayi ake yokha: amapumanso wa kukhitchini ya anansi, wa zinyalala zotenthedwa kuseri kwa nyumba, wa koloboyi, wa tchire lowotchedwa posaka mbewa, ndi wa uvuni wa njerwa. Mbaula imodzi singathetse zonsezi.

Makala ali ndi ngozi yawoyawo chifukwa safuka kwambiri, ndiye anthu amawayesa abwino. Usiku wa mu Julayi kukazizira, ena amalowetsa mbaula yoyaka m'chipinda, n'kutseka chitseko ndi mawindo, n'kugona. Makala oyaka pamalo opanda mpweya wokwanira amatulutsa mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu, ndipo umalanda malo a mpweya wabwino m'magazi. Munthu amayamba ndi mutu, chizungulire ndi nseru, ndipo ngati ali m'tulo akhoza osadzukanso. Mbaula ituluke panja anthu asanagone.

M'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Chia mpaka ku Dwangwa, kuli utsi wina umene anthu sauwerengera chifukwa ndi wa ntchito. Usipa umauma ndi dzuwa pa thandala, koma kampango, mlamba ndi mcheni zimawambidwa, ndipo owamba amaima pa utsiwo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kutembenuza nsomba pa waya. Amene amagwira ntchitoyi aziima mbali imene mphepo ikuchokera, azichoka pa ng'anjo nsomba zikasanjidwa m'malo mokhala pomwepo kucheza, ndipo ana asasewere kumene utsi ukulowera. Kansalu kumphuno kamatchinga phulusa ndi fumbi lalikulu, koma utsi weniweni umadutsa, ndiye kasapatse munthu chilimbikitso chabodza.

Za fodya ndinena mwachidule, popeza palibe amene sanamvepo. Utsi wake uli ndi makemikolo oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa amenewa amayambitsa khansa. Chingambwe chokulunga papepala si chabwino kuposa ndudu ya m'sitolo, ndipo chamba nachonso chimawotcha njira za mpweya. Asodzi amandiuza kuti amasuta kuti amve kufunda panyanja usiku, koma fodya amafinya mitsempha ya magazi ya m'manja ndi m'mapazi, ndiye safunditsa thupi ayi. Chimene anthu ambiri sadziwa ndi changu chimene thupi limachira nacho: patatha maola 12 munthu atasiya, mpweya wapoizoni uja wa carbon monoxide, umene ulinso mu utsi wa fodya, umatsika m'magazi kufika mlingo woyenera, pakati pa mwezi umodzi ndi miyezi 9 chifuwa ndi kubanika zimachepa, ndipo patatha zaka 10 chiopsezo cha khansa ya m'mapapo chimatsika kufika pafupifupi theka la cha munthu amene akusutabe. Masabata oyamba ena amatsokomola kwambiri kuposa kale n'kuganiza kuti kusiya kwawadwalitsa, pomwe ndi tiubweya tija tadzuka n'kuyamba kutulutsa zimene zinaunjikana. Dziko la Malawi linavomereza pangano la WHO lolimbana ndi kusuta fodya mu 2023, koma lamulo lofunika kwambiri kwa mwana wa mphumu ndi la pakhomo, loti bambo asasutire m'nyumba.

Fumbi limabwera pambuyo pa utsi. Kuwaza madzi pang'ono musanasese, makamaka mu Seputembala ndi Okutobala nthaka ikauma, ndi nzeru imene agogo athu anali nayo kale. Opuntha ndi kupeta mpunga, ogwira ntchito m'chigayo amene amatuluka nsidze zili mbuu ndi ufa, ndi othira mankhwala a ufa m'matumba a chimanga, onsewa ayenera kuvala chotchinga pamphuno ndi kugwirira ntchito pamalo opita mphepo. Fumbi la miyala ndilo loipitsitsa, chifukwa limasiya zipsera zosachira m'mapapo ndipo limatsegulira njira chifuwa chachikulu. Ndilo linadwalitsa madoda ambiri amene anapita kumigodi ya golide ku Joni, ena patapita zaka zambiri atabwerera kumudzi, ndipo ophwanya miyala m'mbali mwa msewu angadzithandize ponyowetsa mwala asanaumenye.

Mapapo alibe minofu yodzikokera mpweya okha. Ntchitoyi imagwiridwa ndi mnofu waukulu umene uli pansi pawo ndi timinofu ta pakati pa nthiti, ndipo imeneyi imalimba ikamagwira ntchito. Mlimi, wopalasa bwato ndi wakabaza wa njinga yakapalasa safunika kuuzidwa za masewera olimbitsa thupi. Amene ndimawakumbutsa ndi a m'maofesi ndi m'magolosale a paboma, kuti mphindi 150 pa sabata za kuyenda mwandawala, mpaka kupuma kutakwera koma munthu akuthabe kulankhula, n'zokwanira. Kwa amene amabanika kale pali kapumidwe kosavuta: kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga kawiri mumtima, kenako muutulutse pang'onopang'ono ndi milomo yosongola ngati mukuziziritsa phala, mukuwerenga kanayi. Kutero kumathandiza kuti njira za mpweya zisatsekeke msanga, ndipo mpweya wotsalira umatuluka.

Chakudya chimathandiza mapapo pomanga thupi lonse, osati powatsuka. Pano tili ndi mwayi wa usipa, utaka, nsinjiro, chigwada, mango, magwafa ndi malambe, ndipo kondowole amafunika ndiwo zoterezi chifukwa payekha alibe zomanga thupi zokwanira. Mwana woonda ndiye amagwidwa chibayo choopsa, n'chifukwa chake kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6 yoyamba ndi chitetezo chachilengedwe chimene ndimachiika patsogolo, pamodzi ndi katemera wa chibayo amene anayamba kuperekedwa kwa ana m'dziko muno mu 2011. Uchi, jinja ndi mandimu m'madzi ofunda zimafewetsa kummero pa chimfine wamba ndipo sindiletsa, kupatula kuti uchi sayenera kupatsidwa mwana wosakwana chaka chimodzi. Kufukiza nthunzi ya masamba a bulugamu, kumene kunafala nthawi ya Covid-19, kumatsegula mphuno kwa kanthawi koma sikupha tizilombo ta m'mapapo, ndipo ndasamalirapo mabala a ana amene beseni la madzi owira linawakhuthukira pansi pa bulangete.

Pali malo pamene za pakhomo zimathera. Chifuwa chimene chatha masabata awiri, makamaka ngati chikubwera ndi thukuta la usiku, kutentha thupi, kuonda kapena magazi m'makhololo, chiyenera kuyezedwa ngati si chifuwa chachikulu, ndipo amene ali ndi HIV asadikire n'komwe masabata awiriwo. Kuyeza makhololo ndi mankhwala omwe ndi zaulere m'zipatala zaboma, ndipo mankhwalawo amamwedwa miyezi 6 osadumphitsa ngakhale munthu atamva bwino mwezi woyamba. Tizilombo take timayenda mumpweya ndipo timachuluka m'malo otsekeka, ndiye windo la minibasi, la kalasi ndi la chipinda chogona lizikhala lotsegula. Wodwala mphumu asaope mankhwala opopera m'kamwa, chifukwa mphekesera yoti ukawayamba sungawasiye ndi yabodza.

Kwa ana, kholo lililonse liphunzire kuwerenga kapumidwe. Mwana akhale atadekha, osati akulira kapena akuyamwa. Kwezani malaya ake, yang'anani pamimba kapena pachifuwa, ndipo werengani maulendo amene pakukwera kwa mphindi imodzi yathunthu pa wotchi ya pafoni. Khanda losakwana miyezi iwiri likafika 60, mwana wa miyezi iwiri mpaka 11 akafika 50, kapena wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akafika 40, kumeneko ndi kupuma mofulumira ndipo aonedwe ndi mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa mkati pamene akukoka mpweya, akukana kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, akukomoka kapena sakudzuka bwinobwino, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.