Musanakweze pikiapu yanu, yezani kaye pansi pa difu

Mitambo ikayamba kusonkhana pamwamba pa mapiri a Chipata kumapeto kwa Okutobala, kugalaja kwathu kumabwera anthu a pempho limodzi. Ena ndi alimi a fodya ndi thonje, ena amagula soya ndi mtedza m'midzi ya ku Chadiza ndi ku Vubwi, ena amanyamula alendo kupita ku Mfuwe, ndipo onsewo amakhala akukumbukira dzinja lapitalo, pamene galimoto inakhalira mimba m'matope mpaka kukapempha ng'ombe kapena thirakitala. Amati, "Amakaniko, mundikwezere galimotoyi kuti ndiikepo matayala aakulu." Ntchito imeneyi ndimaigwira, ndipo ikagwiridwa bwino imathandizadi, koma ndisanagwire sipanala ndimapempha mwini wake kuti agwade nane kumbuyo kwa galimoto, tepi yoyezera ili m'manja.

Chimene ndimafuna kuti aone ndi difu, chitsulo chija chotukuka ngati dzungu pakati pa ekiselo ya kumbuyo. Pa Toyota Hilux, Isuzu D-Max, Ford Ranger ndi Nissan Hardbody, ekiselo ya kumbuyo ndi mpopi umodzi wolimba wolumikiza mawilo awiri, ndipo masipuling'i amakhala pakati pa mpopiwo ndi chasisi. Mukatalikitsa masipuling'i, zimene zimakwera ndi chasisi, injini, kabini ndi bodi. Ekiselo imatsala pomwe inali, chifukwa iyo yatsamira pa matayala. Tsono taganizirani msewu wa kumudzi umene malole akumbamo ngalande ziwiri, pakati n'kusiya mzere wokwera ngati wa m'munda wa mbatata. Mawilo anu akalowa m'ngalandezo, difu imakwera pa mzerewo, ndipo imatero ngakhale galimoto itakwezedwa masentimita 10. Chokhacho chimene chimanyamula difu kuchoka pansi ndi tayala lalitali.

Nanga tayalalo limanyamula motani? Pambali pa tayala pamalembedwa manambala onga 265/65 R17, amene ndi saizi yopezeka pa Hilux zambiri za mipando iwiri ya kutsogolo ndi kumbuyo. Nambala 265 ndi m'lifupi mwa tayala m'mamilimita. 65 akutanthauza kuti khoma la m'mbali ndi magawo 65 pa 100 aliwonse a m'lifupimo. 17 ndi kukula kwa limu m'mainchesi. Mukawerengetsa, tayala limeneli kuchokera pansi kufika pamwamba ndi mamilimita 776. La 265/70 R17 ndi mamilimita 803, pamene la 285/70 R17, limene anyamata ambiri amalilakalaka chifukwa cha maonekedwe ake, ndi mamilimita 831. Koma ekiselo ili pakati pa wilo, choncho imakwera theka lokha la kusiyanako: mamilimita 13 pa tayala la 265/70, ndi 27 pa la 285/70. Ndikaonetsa munthu mamilimita 27 pa tepi, kamtunda kosaposa zala ziwiri zogundana, nthawi zambiri amakhala chete pang'ono. Sindinena kuti kamtundako n'kopanda ntchito, pakuti m'matope zala ziwiri zimatha kusiyanitsa wogona kunyumba ndi wogona pamsewu, koma ndi bwino kudziwiratu chimene ndalama zanu zikugula.

Kukweza masipuling'i kuli ndi phindu lake lina. Mimba ya galimoto, pamene pali giyabokosi ndi thanki ya dizilo, imatalikira miyala, ndipo bampala ya kutsogolo ndi mchira sizipala pansi mukamatsika ndi kukwera gombe la mtsinje wopanda mlatho. Pa galimoto zoimika mawilo a kutsogolo lililonse palokha, difu ya kutsogolo imamangidwa ku chasisi, motero iyo imakwera nawo. Ndaonanso kuti ambiri obwera kudzakweza galimoto, vuto lawo lenileni ndi lakuti masipuling'i anatopa ndi matumba a chimanga ndi feteleza, galimoto n'kutsika kuchoka pa msinkhu umene inatuluka nawo kufakitale. Kwa oterewa masipuling'i atsopano a saizi yoyamba ija amabwezera zambiri zimene akufuna.

Pali chinthu china chimene ogulitsa zipangizo samakonda kuchifotokoza. Galimoto yokwezedwa ikaima pabwalo, pakati pa tayala ndi bodi pamaoneka mpata waukulu, koma mpatawo ndi wa galimoto yoima. Ikagwera m'dzenje ili ndi katundu, wilo limakwera mpaka pa kalabala kotchedwa bump stop, ndipo kalabalako kali pomwe kanali kale. Tayala limene silikanakwana pamenepo musanakweze silikwananso mutakweza. Chaka chatha anandibweretsera Ranger imene inakwezedwa kugalaja ina, ili ndi matayala atsopano a mano akuluakulu. Nditapinda chiwongolero mpaka kumapeto n'kuunika ndi tochi, ndinapeza chitsulo chomangira kabini ku chasisi, kuseri kwa wilo la kutsogolo, chikunyezimira ngati mpeni wonoledwa kumene, ndipo mano a m'mphepete mwa tayala anali atasengedwa kuzungulira konse. Choncho ine ndikaika matayala aakulu, ndimakweza wilo limodzi pa chulu kapena pa mulu wa dothi, m'bodi muli katundu, n'kupinda chiwongolero uku ndi uku, kutsogolo ndi chafutambuyo, kwinaku ndikulowetsa dzanja kuti ndimve mpata umene watsala.

Malire enieni a ntchitoyi ali kutsogolo. Mphamvu yochokera ku difu ya kutsogolo imafika ku mawilo kudzera m'mashafuti awiri okhala ndi mfundo zopindika, ma CV joint, zokutidwa ndi labala lodzaza girisi. Opanga anakonza kuti mashafutiwo azigona pafupifupi chopingasa. Mukakweza chasisi, difu imakwera pamene wilo latsala, ndiye shafuti imayamba kuzungulira ili chotsetsereka. Makwinya a labala amakhulana mpaka kung'ambika, girisi amamwazikira mkati mwa limu, mchenga n'kulowa, ndipo pakapita nthawi mumamva "ka-ka-ka" pokhota. Ma ball joint, mfundo zolumikiza wilo ku mkono wa pamwamba, nawo amagwira ntchito ali kumapeto kwa ulendo wawo. N'chifukwa chake ambiri a ife timaima pa mamilimita 40 kapena 50 pa galimoto zotere. Kupitirira pamenepo pamafunika mikono ina ya pamwamba, kutsitsa difu ndi zina zodula, ndipo kwa munthu amene galimoto ndiyo khasu lake sindiona kuti zimabweza ndalama. Land Cruiser 79 ndi nkhani ina, popeza ili ndi ekiselo yolimba kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

Eni ake a Hardbody ndi Hilux zina zakale za 4x4, zimene zinapangidwa chisanafike chaka cha 2005, amauzana kuti kukweza n'kwaulere, chifukwa kutsogolo kuli ndodo zopotoka zotchedwa torsion bar zimene zimamangitsidwa ndi bawuti. N'zoona kuti mphuno imakwera. Koma chilichonse chimene mwawonjezera pamwamba mwachotsa pa mpata woti wilo litsikire m'dzenje, choncho mukapyola muyezo galimoto imayamba kudumpha pa msewu wa malata, ndipo tayala limene lili m'malere silikhota kapena kugwira buleki.

Kumbuyo njira n'zambiri, ndipo sizifanana. Yabwino ndi kugula masipuling'i opangidwira msinkhu umene mukufuna ndi kulemera kumene mumanyamula, pamodzi ndi mashoko autali woyenerana nawo, chifukwa shoko yaifupi imakokedwa mpaka kuthyola khutu lake. Mashakulo (tizitsulo tolumikiza mapeto a sipuling'i ku chasisi) aatali pang'ono, kapena chitsulo chochepa choika pakati pa sipuling'i ndi ekiselo, zimatheka ngati ndi zopangidwa bwino, ndipo ma U-bolt, mabawuti opindika omanga sipuling'i ku ekiselo, azikhala atsopano nthawi iliyonse imene amasulidwa. Zimene ndimakana ndi kusanjikiza zidutswa zowotcherera, komanso kutenthetsa masamba a sipuling'i pamoto kuti apindike. Chitsulo cha sipuling'i chinaumitsidwa mwa njira yake, ndipo moto umachotsa mphamvu imeneyo. Tsamba lotere limabwerera msanga kapena kuthyoka, ndipo tsamba lalikulu likathyoka ekiselo imatha kusuntha galimoto ili pa liwiro.

Za mabuleki ndimazinena mobwereza, chifukwa apa ndi pamene pali miyoyo. Mapaipi a labala opita ku mawilo ayenera kukhala ndi utali wotsala wilo likalendewera mpaka pansi. Pikiapu zambiri zakale zopanda ABS (makina oletsa mawilo kukhwekhwereza pogwira buleki) zili ndi valavu kumbuyo, yolumikizidwa ku ekiselo ndi kandodo, imene imawonjezera mphamvu ya mabuleki a kumbuyo bodi ikatsika ndi katundu. Mukakweza bodi osasintha pomangira kandodoko, valavu imayesa kuti galimoto ilibe kanthu, ndipo imamana mawilo a kumbuyo mphamvu ngakhale mwasenza matumba. Tayala lalitali ndi lolemera nalonso limavuta kuimitsa. Onjezani kuti galimoto yokwera imapendama kwambiri pokhota, ndipo mukumbukire makona ndi zitsetse za Great East Road kupitirira Nyimba polowera ku mlatho wa Luangwa, komanso abale athu amene timawakweza pamwamba pa katundu popita kumaliro kapena kuchigayo.

Kukweza sikuwonjezera katundu amene galimoto ingasenze. Kulemera kololedwa kunalembedwa pa kachitsulo ka opanga, ndipo pikiapu zamtundu uwu zimathera pafupifupi pa tani imodzi, kutanthauza matumba 20 a makilogalamu 50, anthu okwera akuwerengedwa momwemo. Masipuling'i olimba amangobisa kutsika kwa bodi, pamene chasisi, mabering'i ndi mabuleki ndi zomwe zija. Pa tayala penipenipo yang'anani nambala ya katundu: 112 ndi makilogalamu 1,120 pa tayala limodzi, 121 ndi 1,450. Ndipo ngati ulendo wanu wambiri ndi wa phula la Katete ndi Petauke, matayala a AT, opangidwira phula ndi dothi lomwe, amakwanira. A MT, a mano akuluakulu aja, amakumba bwino dothi lakuda lomata la m'chigwa cha Luangwa, koma amalira pa phula ndipo sagwira bwino phulalo likanyowa.

Tayala la 285/70 R17 limayenda mtunda woposa la 265/65 R17 ndi magawo 7 pa 100 likazungulira kamodzi. Ngati singano ya liwiro inkanena zoona, tsopano ikaloza 100 ndiye kuti muli pafupi ndi 107, ndipo ulendo wa ku Lusaka wa makilomita pafupifupi 570 udzalembedwa ngati 533, zomwe zimasokoneza nthawi yosinthira oyilo ndi kawerengedwe ka dizilo. Magiya onse amatalika, galimoto imalemera ponyamuka pachitunda, kilachi imavutika, mafuta amapita ambiri. Matayala muzigula asanu, chifukwa pa 4x4 saizi zosiyana zimakanganitsa magiya, ndipo muyese ngati la sipeya likulowabe m'malo mwake kunsi kwa bodi. Mukamaliza pamafunika alayimenti, kutsitsa magetsi a kutsogolo kuti asathobwe anzanu usiku, kudziwitsa a inshuwalansi zimene mwasintha, ndi kufunsa ku RTSA, bungwe loona za magalimoto pamsewu, musanapite ku fitinesi.

Bambo wina wogula mtedza ku Chadiza, amene anabwera atatsimikiza za masentimita 10 ndi matayala a 285, titagwada ndi tepi ija tinagwirizana pa masipuling'i ndi mashoko okweza mamilimita 40, ndi matayala asanu a 265/70 R17 a AT. Ndalama zotsala anagulira fosholo, chingwe chokokera ndi kapampu koti azibwezera mpweya akauphwetsa pang'ono mumchenga. Ndinawauza kuti abwerenso akayenda makilomita 500 kuti ndidzamangitse ma U-bolt, chifukwa masipuling'i atsopano amakhazikika n'kusiya manati olefuka. Anabwera patapita milungu iwiri, matope ofiira ali mpaka m'zitseko, ndipo manati atatu anazunguliradi.