Mukafuna kukaona zilumba za ku Nampula, yambani mwafunsa za madzi

Anthu ambiri kuno ku Mulanje tikati zilumba amangoganiza za Likoma, koma ife amene timaperekeza alendo timadziwa kuti njira ya pa Muloza imakafikitsa ku Ilha de Moçambique, kachilumba ka makilomita ngati 3 mulitali, ndi tinzake tating'ono ta Goa ndi Sena tili chapafupi pomwepo. Mumadutsa Milange, Mocuba, kenako Nampula, kuchoka apo pali makilomita pafupifupi 180. Tengani pasipoti osati boda pasi, komanso sinthiranitu ma metical.

Kuti mulowe pa Ilha mumawoloka mlatho wautali kuposa makilomita 3, wopapatiza moti magalimoto amadikirana kuti apatukirane. Apa ndi pomwe panali likulu la Apwitikizi m'dziko la Mozambique mpaka 1898, Vasco da Gama anafikapo mu 1498, ndipo kachalichi ka Nossa Senhora de Baluarte komangidwa mu 1522 kakadalipo kuseri kwa linga la São Sebastião. UNESCO inaika chilumbachi pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1991. Koma musamangothera ku nyumba zamiyala zokha ayi, pitaninso ku Macuti komwe kumakhala anthu ambiri, mukaone amayi atadzola musiro (phala loyera lopera kuchokera ku mtengo) kumaso kuti mbuu, ndiye ngati Chilomwe mumachimva ndinu odala chifukwa Chimakhuwa chawo ndi chapachibale, mukapatsana moni bwinobwino ngakhale Chipwitikizi chikukuvutani.

Tsono nkhani yomwe ndimalimbikira kwambiri ndi ya madzi. Nyanja yamchere si Nyanja ya Malawi abale, madzi ake amaphwa n'kubwereranso kawiri pa tsiku chifukwa cha mphamvu ya mwezi, ndipo nthawi yake imasuntha pafupifupi mphindi 50 tsiku lililonse, ndiye ngalawa ya matanga yomwe dzulo inanyamuka 7 koloko kupita ku Goa lero mukhoza kuipeza yakhala pamchenga. Mwini ngalawa akati tidikire musamuone ngati waulesi kapena akufuna kukudyerani ndalama, akudziwa zomwe akunena. Mufunseni nthawi yobwerera musanalipire, muone ndi maso anu ma life jacket, ndipo mutenge madzi akumwa ambiri ndi chipewa poti ku Goa kulibe golosale, kuli nsanja yakale ya nyali yolondolera sitima, mchenga woyera ndi dzuwa loswa mtengo basi. Potsikira m'madzi valani nsapato, miyala ya m'nyanja imacheka.

Za nyengo ndiye sindinyengerera. Kuyambira Disembala mpaka Epulo ndi nthawi ya anamondwe, Gombe anagunda dera lomweli mu Malichi 2022, ndipo ife amene tinaona zomwe Freddy anachita kuno mu 2023 sitifunika kuuzidwa zambiri. Pitani pakati pa Meyi ndi Okutobala, ndipo pa Ilha pagoneni masiku osachepera atatu kuti mphepo ikakana tsiku limodzi mukwere ngalawa mawa lake.