Funso la Arnauld kwa Descartes

Pali mkangano wakale wokhudza René Descartes, katswiri wa filosofi wa ku France amene anabadwa pa 31 March 1596: kodi njira yake yopezera chinthu chosakayikitsa siyongozungulira n'kubwerera pomwe yayambira?

Nkhaniyi inabuka buku lake la Meditationes lisanatuluke n'komwe ku Paris mu 1641. Descartes anapempha mnzake Marin Mersenne kuti atumize zolembazo kwa akatswiri azifufuze zolakwika. Thomas Hobbes ndi Pierre Gassendi anayankha, koma amene anakhudza pachilonda anali Antoine Arnauld wa ku Sorbonne, sukulu ya maphunziro a zaumulungu ku Paris, yemwe anali asanafike zaka 30. Nkhawa yake anaiika m'mizere yochepa chabe. Descartes amati zimene timaona bwinobwino m'maganizo n'zoona chifukwa Mulungu alipo ndipo sanyenga. Nanga zoti Mulunguyo alipo tazidziwa bwanji? Poziona bwinobwino m'maganizo momwemo. Ndiye pa ziwirizi, chikuchirikiza chinzake n'chiti?

Descartes anauza Mersenne kuti pa onse omutsutsa, Arnauld ndiye anachita bwino kwambiri, komabe yankho lake pa mfundoyi linali lalifupi. Anasiyanitsa kuona chinthu panopa ndi kukumbukira kuti unachiona. Pamene ukutsatira umboni woti ngodya zitatu za thirayango zimakwana madigiri 180, kukayika sikutheka. Mawa, umboniwo utachoka m'mutu n'kutsala yankho lokha, chikayiko chimalowa, ndipo apa ndi pofunika Mulungu wosanyenga. Anafika ponena kuti katswiri wa masamu wokana Mulungu alibe chidziwitso chenicheni.

Yankholi n'lanzeru, koma limakhumudwa pa mawu a mwini wake. Koyambirira kwa bukuli iye anali atanena kuti mwina amanyengedwa nthawi iliyonse pamene akuphatikiza 2 ndi 3. Uku sikukumbukira ayi, n'kuwerengera komwe. Mu 1962 Harry Frankfurt, katswiri wa filosofi wa ku America, anatsutsa zoti nkhani yonse yagona pa kukumbukira, ndipo n'zovuta kumunena kuti analakwa.

Palinso umboni wa mu April 1648, pamene mnyamata Frans Burman anacheza ndi Descartes ku Egmond, m'dziko la Netherlands, n'kumufunsanso za kuzungulirako. Yankho lili lofanana ndi loyamba lija. Koma zolemba za machezawa si za dzanja la Descartes, ndi zimene Burman anakumbukira, ndipo zinatifika kudzera mwa okopera. Sitingazilemeretse ngati zimene mwiniwake anasindikiza.

Omuikira kumbuyo amati Descartes sanafunikire lamulo loti zonse zooneka bwinobwino m'maganizo n'zoona kuti atsimikize za Mulungu, ankangoona mfundo iliyonse payokha n'kugonjera. Mwina n'zoona. Komatu Arnauld sanafunse ngati munthu angathe kukana zimene akuona. Anafunsa ngati zimene akulephera kukanazo zilidi zoona.